Mwana wathu anagwidwa ndi apolisi, sitikudziwa kumene ali. Tiyambire pati?

Funso

"Ndine mayi wa ku Ntcheu, kufupi ndi Lizulu. Ndimalera mwana wa achemwali anga amene ali ku Joni. Mnyamatayu ali ndi zaka 15, sukulu anasiyira Sitandade 7, ndipo amagwira ganyu yonyamula matumba a kachewere ndi kabichi pamsika. Masabata atatu apitawo anagwidwa pamodzi ndi anzake awiri, akuti anaba foni ya munthu wodzapikula katundu. Ife tinamva patapita masiku anayi. Nditapita kupolisi yapafupi anandiuza kuti anamutumiza ku boma. Ena akuti ali kundende, ena akuti ana otere amawatengera ku Zomba. Amalume ake akuti timusiye akaphunzire. Ine tulo sindikuona. Ndingamupeze bwanji? Nanga adzandilola kumuona poti sindine mayi ake omubereka?"

Yankho

Mayi, pepani kwambiri. Masabata atatu osadziwa kumene mwana akugona si zocheza ayi. Komabe mtima ukhale pansi pang'ono. Mwana wogwidwa ndi apolisi sasowa popanda mapazi, chifukwa pakhomo lililonse la boma limene walowa amamulemba m'buku: tsiku, nthawi, mlandu, ndi kumene wapita pochoka. Ntchito yanu ndi kutsata mabukuwo limodzilimodzi, mphekesera za pamsika muzisiye. Pa zaka zimene ndagwira ntchito ndi ana olakwira malamulo kuno ku Dedza ndi Ntcheu, mabanja ambiri amene ankalira kuti mwana wapita ku Zomba ankamupeza ali pa boma pomwepa, akudikira wachibale woti aonekere.

Zoti sindinu mayi omubereka zisakudetseni nkhawa. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko lino limapatsa aliyense wotsekeredwa ufulu wolankhulana ndi abale ake ndi kuyenderedwa nawo, ndipo pa mwana limawonjezera kuti azisungidwa padera ndi akuluakulu komanso azilumikizana ndi banja lake pa makalata ndi maulendo okamuona. Lamulo la ana la 2010, lotchedwa Child Care, Protection and Justice Act, limatchula kholo kapena womulera. Womulera ndinu. Lamulo lomwelo limati apolisi akagwira mwana adziwitse mwamsanga kholo kapena womulerayo, komanso a Sosho Welofeya. Inu munamva mochedwa. Zimachitika, ndipo nthawi zina wochititsa amakhala mwana yemweyo.

Mwana akagwidwa amagwidwanso ndi mantha ndi manyazi. Wina amatchula dzina labodza kuti kunyumba asamve, wina amatchula dzina limene anzake amamuitanira pamsika, wina amangoti makolo onse anamwalira. Ndiye musanatuluke pakhomo lembani papepala maina ake onse: la kusukulu, la kutchalitchi, la bambo ake, la agogo ake, mfunda wake, ngakhale lachipongwe lija simulikonda. Lembaninso mudzi, nyakwawa ndi mfumu yaikulu, poti m'mabuku a polisi ndi a ndende munthu amadziwika ndi zimenezi. Maina a anzake awiri aja musawaiwale. Ogwidwa pa mlandu umodzi amakhala pa fayilo imodzi, mukapeza mmodzi mwapeza njira ya onse. Ngati muli ndi chithunzi chake mufoni, nyamulani.

Bwererani kupolisi kumene munayambira kuja. Ulendo uno musangofunsa kuti mwana wanga ali kuti, poti amene ali pakauntala lero mwina si amene analipo tsiku lija. Pemphani mwaulemu kuti akuonereni m'buku la OB, limene apolisi amalembamo zochitika zonse, pa tsiku limene anagwidwa, akuuzeni nambala ya mlandu, dzina la wapolisi amene akufufuza, ndi tsiku limene anamutumiza ku boma. Zitatuzi mulembe m'kope. Kope limenelo likhale la nkhani iyi yokha, ndipo aliyense amene mwalankhula naye muzilemba dzina, udindo ndi tsiku. Ndaona amayi osapita patali ndi sukulu akuwongola nkhani yonse ndi kakope kong'ambika chikuto, chifukwa ofesala akaona munthu akulemba amayankha mosamala.

Pa boma pali makomo anayi, ndipo mukalawira mukhoza kuwayenda onse tsiku limodzi. Kupolisi yaikulu funsani ofesi ya Victim Support Unit, kumene mumapeza apolisi oona za ana, kenako ofesi ya oimira boma pa milandu, amene amasunga mafayilo opita kukhoti. Kukhoti la majisitireti onanani ndi kalaliki. Iyeyo ndi amene angakuuzeni ngati mwanayo anaonekera kale, chimene khoti linalamula, ndi tsiku limene adzabwerenso. Ku ofesi ya a Sosho musalephere kufikako ngakhale mutamupeza kale mwanayo. Khomo lachinayi ndi ndende. Pageti perekani maina aja ndipo nenani momveka kuti mukufuna mwana wa zaka 15. Mukamva kuti maparalego, alangizi a zamalamulo amene si maloya, a bungwe la PASI (Paralegal Advisory Service Institute) afika tsiku limenelo, adikireni. Iwo amalowa m'zitokosi ndi m'ndende, ndipo kufufuza makolo a ana ogwidwa ndi imodzi mwa ntchito zawo. N'kutheka kuti pamene inu mukufuna mwanayo, iwo akufuna inu.

Poti ndinu a ku Lizulu, kumbukiraninso kuti Dedza ili pafupi. Ngati foniyo inakagulitsidwa kapena kupezeka mbali ya kumeneko, fayilo ikhoza kutsatira komweko, ndiye mukasowa dzina lake ku Ntcheu musataye mtima musanafunse ku Dedza. 

Tsopano nkhani imene ndikufuna muigwiritsitse kuposa zonse ndi ya zaka zake. Kuyambira mu 2017 malamulo oyendetsera dziko amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Wosakwana zaka 10 sazengedwa mlandu konse. Wa zaka 15 akhoza kuyankha mlandu, koma njira yake ndi ina: amapita kukhoti la ana kumene anthu ongodzaonerera saloledwa, dzina lake siliulutsidwa pawailesi kapena m'nyuzipepala, ndipo lamulo la 2010 limanena mosapsatira kuti mwana asalamulidwe kukhala m'ndende pa mlandu uliwonse. Koma zonsezi zimadalira nambala imene inalembedwa tsiku loyamba lija. Mnyamata wonyamula matumba a kachewere amakhala ndi mapewa ndi zikhatho za munthu wamkulu. Chitupa cha unzika alibe, poti chimaperekedwa kuyambira zaka 16. Ndiye m'chitokosi anzake okulirapo amamunong'oneza kuti ukanena kuti ndiwe mwana akakusunga kwa ana mpaka ukule, bola unene 19 ugwire miyezi ingapo uzipita. Iye n'kunenadi 19. Basi, mlandu wapita kukhoti la akuluakulu, akugona ndi akuluakulu, ndipo inu mukamafunsa mwana wa zaka 15 onse akukuyankhani moona mtima kuti kuno kulibe. Ndakumana nawo anyamata otere, mawu asanayambe n'kukula komwe, papepala ali ndi zaka 20.

Chotero sakani umboni wa zaka zake lero lomwe. Chiphaso cha kubadwa cha ku NRB, ofesi yopereka zitupa za unzika, ngati chilipo ndiye chabwino koposa. Ngati palibe, kadi ya kusikelo ija ya ali khanda, buku la kuchipatala, kalata ya ubatizo, kapena kalata ya ahedi a kusukulu kumene anasiyira, yotengera kaundula wa sukulu ndi yodindidwa bwino. Kalata ya amfumu imathandiza, koma payokha ndi yopepuka. Mayi ake ku Joni aimbireni, musawabisire. Kawirikawiri iwo ndi amene amadziwa sutukesi imene muli kadi ya kusikelo, ndipo kumva kwa inu n'kwabwino kusiyana ndi kumva pa WhatsApp kwa anthu apadera. Mapepalawo kawajambulitseni, muzipereka zojambulazo, enieniwo muzingoonetsa n'kubwerera nawo. Ngati palibiretu pepala lililonse, khoti likhoza kulamula kuti akamuyeze kuchipatala kuti ayerekeze zaka zake. Ndipo ngakhale mutapeza kuti anaweruzidwa kale ngati wamkulu, nkhani sinathe: bwalo lalikulu lili ndi mphamvu younikanso chigamulo cha majisitireti.

Nanga angakhale kuti? Mwa lamulo, amayenera kuonekera kukhoti pasanathe maola 48, kapena tsiku loyamba limene khoti latsegula ngati maolawo athera pa Loweruka kapena patchuthi. Pamenepo khoti la ana limachita kafukufuku woyamba, n'kuona ngati mwanayo angabwezedwe m'manja mwa makolo kapena asungidwe kunyumba yotetezera ana. Nyumba zoterozo n'zochepa m'dziko muno, ndiye zoona zake n'zakuti ana ena amadikirira m'chitokosi kapena pa rimandi kundende, zimene lamulo silifuna. Mu 2018 bwalo lalikulu ku Blantyre linalamula kuti ana amene anali m'ndende za Bvumbwe ndi Kachere achotsedwemo apite kumalo oyenera ana. Za ku Zomba zimene mukumvazo, anthu akutanthauza Chilwa Reformatory Centre. Inzake ndi Mpemba ku Blantyre, pamsewu wa ku Chikwawa. Malo awiriwa si ndende, ali pansi pa unduna woona za ana, ndipo kuli sukulu ndi ntchito zamanja. Mwana sapitako popanda lamulo la khoti, ndiye ngati anapitadi kalaliki uja ali nazo m'fayilo. Bvumbwe ku Thyolo ndi Bzyanzi ku Dowa ndi ndende za achinyamata, zoyendetsedwa ndi nthambi ya ndende. Mukamva kuti ali kumeneko, n'kutheka kuti zaka zake zinalembedwa molakwika. Kwa mlandu wa foni wa masabata atatu, ine ndingayambe ndafufuza pa boma pomwepo ndisanaononge ndalama ya basi.

Chifukwa chimene ndikukukakamizirani kwa a Sosho ndi ichi. Ofesala wa kumeneko ndi amene amalemba lipoti lofotokozera khoti za mwanayo: zaka zake, kumene amakhala, amene amamulera, ngati kwawo angamulandire. Majisitireti amalidalira kwambiri lipoti limeneli. Ofesala amene sanaonepo wachibale aliyense alemba chiyani? Alemba kuti makolo sanapezeke. Ndipo khoti silingatulutse mwana kuti azikagona pamsika. Ana ambiri amene ndawaona akukhalitsa mkati sanakhalitse chifukwa cha kukula kwa mlandu, anakhalitsa chifukwa panalibe munthu wamkulu woimirira n'kunena kuti uyu ngwanga, ndimutenga.

Mukaonekera, njira ziwiri zimatseguka. Yoyamba ndi kumutulutsa m'manja mwanu kapena pa belo, akumabwera kukhoti kuchokera kunyumba. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Ya kukhoti nthawi zina imafuna ndalama ndi mboni zomuimira, koma ndalamayo imalipiridwa ku ofesi ndipo mumalandira lisiti. Yachiwiri ndi kupatutsa mlandu kuti usazengedwe mpaka kumapeto. Izi zimatheka pa milandu yocheperako, osati monga kupha kapena kugwiririra, ndipo zimafuna kuti mwanayo avomere kulakwa mwa kufuna kwake, inu womulera muvomerezenso. Akhoza kuuzidwa kupepesa, kubweza kapena kulipira chimene chinatayika, kubwerera kusukulu, kapena kuyang'aniridwa ndi a Sosho kwa kanthawi. Koma chenjerani apa. Ngati mwanayo akunenetsa kuti sanabe, musamuumirize kuvomera kuti zithe msanga. Mufunseni muli awiri, mumve mbali yake, kenako mufunse nzeru kwa paralego kapena loya.

Mwini foni ndi munthu wofunika pa njira yachiwiriyi. Musapite kwa iye nokha madzulo, musamuopseze, musamupatse ndalama mobisa kuti asinthe mawu, chifukwa kusokoneza mboni ndi mlandu wina umene ungagwere inuyo. Uzani a Sosho kapena wapolisi wofufuza kuti banja ndi lokonzeka kukambirana, iwo akukumanitseni, amfumu kapena mkulu wa mpingo ali pomwepo.

Za amalume ake, ndikuwamva. Kwathu kuno mawu a malume salumphidwa, ndipo mwina atopa naye mnyamatayu. Akuganiza za mwambi uja wakuti mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere imufotere yekha. Koma muwafunse kuti m'chitokosi akaphunzira kwa yani. Aphunzitsi a mmenemo ndi anthu amene akhala akuthyola nyumba zaka ndi zaka, ndipo mwana wopanda womubweretsera chakudya amasanduka wotumikira amene ali nacho, nthawi zina m'njira zimene sindingalembe pano. Musakangane nawo. Apempheni kuti apite nanu, akamudzudzule okha pamaso ngati akufuna kudzudzula. Majisitireti akaona malume ndi mayi aang'ono atakhala pa benchi limodzi amadziwa kuti mwanayu ali ndi kwawo. Amalume akakana, pitani ndi mkulu wina wa m'banja, koma musadikire kuti agwirizane nazo kaye.

Mukamupeza, funsani masiku ndi nthawi yoonera anthu pamalopo, chifukwa zimasiyana. Nyamulani chitupa chanu. Chakudya chophika amalola m'malo ambiri, koma adzakuuzani kuti mulawe kaye pamaso pawo, mutsine nsima, mupisize mu ndiwo, mumeze. Musakhumudwe, amatero ndi aliyense. Sopo, mafuta odzola, patapata ndi juzi kapena bulangete n'zofunika, inu mukudziwa mmene kumazizirira kuno usiku. Foni, lezala, mpeni, fodya ndi mabotolo agalasi zisiyeni kunyumba. Ngati amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, monga ma ARV kapena a khunyu, ichi chikhale choyamba kunena pageti, buku la kuchipatala lili m'manja, poti ana ambiri amabisa matenda pochita manyazi ndipo masabata atatu osamwa mankhwala otere ndi ambiri kale.

Nthawi yocheza imakhala yochepa, musaithere pa kulira ndi kukalipa. Mwina adzabwera atazolika, osakuyang'anani, kapena adzayankha mwamwano ngati sizikumukhudza. Ndi manyazi amenewo. Muyang'aneni thupi: zilonda, mphere, kutupa, kutsokomola, mmene akuyendera. Mufunseni amene akugona naye, ngati akudya, ngati wina anamumenya, ndi zaka zimene anauza apolisi. Kenako muuzeni za kunyumba, za ang'ono ake, za kumunda, za amene akumupatsa moni. Musamulonjeze kuti mawa atuluka pamene simukudziwa. Muuzeni tsiku limene mudzabwerenso, ndipo tsikulo mubweredi, kapena mutumize wina.

Zikapezeka kuti ali kutali, ku Chilwa kapena ku Mpemba, kuyenda pafupipafupi n'kovuta, ndikudziwa. Wa ku Zomba mudzera ku Balaka ndi Liwonde, wa ku Mpemba mudzera pa Zalewa mpaka Blantyre, ndipo ndalama yake si yochepa. Musanyamuke musanaimbe. A Sosho a pa boma akupatseni nambala ya ofesi ya kumeneko, mutsimikize kuti alipodi ndi tsiku loti mufike, ndipo mufunse ngati angamakuloleni kulankhula naye pa foni ya ofesi nthawi ndi nthawi. Kalata musaipeputse. Mwana amaisunga pansi pa mphasa n'kumaiwerenga mpaka kufufutika. Gawanani maulendo pa banja, mwezi uno inu, mwezi wina wachibale wokhala ku Blantyre kapena ku Zomba. Maulendowa ali ndi phindu linanso. Pali komiti ya Child Case Review Board imene imaunika nkhani za ana osungidwa m'malo amenewa, ndipo pofuna kubweza mwana kwawo amaona khalidwe lake komanso ngati kwawoko kuli omulandira. Nambala yanu ya foni ikasintha kapena mukasamuka, dziwitsani ofesi ya kumeneko ndi a Sosho.

Pakamveka kuti banja likusaka mwana, akamberembere amatulukira. Wina adzaimba kuti ndine ofesala, mwana wanu wadwala, tumizani ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba. Wina adzakupezani panja pa khoti n'kunena kuti amadziwana ndi abwana, fayilo ikhoza kusowa. Musatumize, musapereke. Nenani kuti mubwera nokha ku ofesi, muone mmene adulire foni.

Pali pamene simuyenera kulimbana nazo nokha. Ngati mwayenda makomo onse aja, Ntcheu ndi Dedza komwe, dzina lake osapezeka m'buku lililonse. Ngati mwamupeza akugona ndi akuluakulu. Ngati sanaonekerebe kukhoti. Ngati ali ndi zipsera za kumenyedwa kapena akudwala osapita naye kuchipatala. Kapena ngati akukukanizani kumuona popanda chifukwa chomveka, pitani kwa a Legal Aid Bureau, amene amapereka maloya kwa anthu osowa ndalama. Kalaliki wa khoti akulozerani ofesi yawo yapafupi. Mukhozanso kuimba 116, nambala yaulere yothandiza ana, kapena kudandaula ku Malawi Human Rights Commission. Madandaulo okhudza khalidwe la apolisi amalandiridwa ndi Independent Complaints Commission. Werenganinso masiku: pa milandu ya kwa majisitireti munthu sayenera kupitirira masiku 30 pa rimandi mlandu usanayambe, pokhapokha khoti litawonjezera, ndipo inu mwatsala pang'ono kufika pamenepo. Mukanene zimenezi kwa paralego kapena loya tsiku loyamba lomwe.

Tsiku la khoti likadziwika, fikani m'mamawa khoti lisanayambe, mapepala a zaka zake ndi kope lija zili m'chikwama. Dziwitsani kalaliki ndi woimira boma kuti womulera wafika. Milandu imatha kuimitsidwa n'kupatsidwa tsiku lina, ndiye musachoke musanalembe tsiku latsopanolo. Majisitireti akafunsa ngati pali kholo la mwanayu, imirirani, tchulani dzina lanu ndi ubale wanu, nenani zaka zake, ndipo pemphani kuti aperekedwe m'manja mwanu.